GALIMOTO YOKANA KULIRA IKATENTHA

Mau kwa alimi otengera mbeu zao ku msika wa ku Livingstone

M'mwezi wa October, pamene dzuwa liwala kopambana m'cigwa ca Zambezi, munthu woyenda mu mseu wa Mosi-oa-Tunya m'tauni ya Livingstone angathe kuona galimoto yodzala ndi matimati itaima pambali, mwini wace ali kupempha anthu kuti amkankhe. Galimoto yotere inalira bwino m'mamawa ku Kalomo kapena ku Zimba, niyenda ulendo wonse popanda cobvuta. Koma mlimi atazima injini kuti athire mafuta, pofuna kunyamuka apeza kuti yakana. Ogula a ku msika wa Maramba samdikira iai, ndipo matimati okhala padzuwa sacedwa kufewa.

Alimi ambiri athamangira kugula batire latsopano, nataya ndarama zao pacabe. Kawiri kawiri colakwa ciri pa sitata, kamakina ka magetsi kamene kazunguza injini pamene woyendetsa apotoza kiyi. Kamakina aka kanayamba kuikidwa pa magalimoto a Cadillac m'caka ca 1912, mwa nzeru za Charles Kettering wa ku America, ndipo pang'ono pang'ono kanathetsa nchito yopukusa injini ndi dzanja.

Pa magalimoto ena sitata ikhala pafupi ndi mapaipi a utsi, pamalo pamene acokera m'injini. Galimoto ikasenza katundu wolemera, mapaipi amenewa angathe kutentha kupyola madigri 500. Iri paulendo mphepo iziziritsa zitsulo, koma ikaima mphepo ileka, ndipo kutentha kuja kulowa m'sitata. M'kati mwace muli mawaya a mkuwa, ndipo mkuwa ukatentha sulola magetsi kupita bwino. Kutentha kukakwera ndi madigri 100, kukaniza kwa waya kukula ndi magawo pafupi fupi 40 pa 100. Popeza sitata ifuna magetsi ambiri koposa ciwiya cina ciri conse pa galimoto, ifooka nizunguza injini molemera. Kaciwiya ka pamwamba pace kochedwa solenoid, kamene kakankha mano a sitata kuti alumane ndi injini, nakonso kalephera, ndipo woyendetsa angomva kugogoda kamodzi basi.

Cizindikiro ca bvuto ili ndi cimodzi: galimoto ilira bwino ikazizira, ikana ikatentha, niliranso itapuma theka la ola. Mlimi woona zotere ayambe wapimitsa batire kwa makanika. Batire labwino lionetsa mavoti 12.6 injini itazima kwa kanthawi. Likapezeka labwino, ayang'ane zinthu zinai izi, atayamba wamasula waya wa batire wa cizindikiro ca (-) kuti pasathetheke moto.

1. Cishango. Opanga magalimoto aika kalata kakang'ono pakati pa mapaipi ndi sitata. Kambiri kalata aka kadyedwa ndi dzimbiri, kapena kaiwalika pansi pamene anthu akonza injini. Ngati palibe, makanika angathe kudula cina ca aluminiyamu. Acimange ndi mabauti, nasiye mpata wolowa cala mbali zonse ziwiri, pakuti mphepo ya mumpatamo ndiyo ichinjiriza. Cishango cokhudza paipi cingopereka moto kwa sitata.

2. Mawaya. Waya wamkuru wocokera ku batire, ndi wina wolunzanitsa injini ndi thupi la galimoto, akhale omangika zolimba ndi opanda dzimbiri. Waya uli wonse wogona pa paipi usunthidwe, ndipo wopserera ucotsedwe.

3. Utsi wothawa. Mwaye wakuda polumikizira mapaipi usonyeza kuti gasiketi yatha, ndi kuti utsi wamoto uli kuombera sitata. Pafunika gasiketi yatsopano.

4. Litsiro. Oilo wodontha pamodzi ndi pfumbi la m'miseu ya kumidzi ziphimba sitata ngati bulangeti. Ipukutidwe, ndipo podontha patsekedwe.

Ziripo zina zimene mlimi sayenera kucita. Asakulunge sitata ndi nsanza kapena masaka, cifukwa zigwira moto. Asagwiritse nchito asbestos wakale, pakuti pfumbi lace liononga mapapo. Asathire madzi ozizira pa mapaipi otentha, cifukwa citsulo cingathe kung'aluka. Ndiponso asaumirize kiyi kopitirira masekondi 10 nthawi imodzi. Aipumitse mphindi imodzi asanayesenso, apo ai mawaya a m'kati apsa ndipo sitata yonse yatha.

Wogwidwa ndi tsokali panjira atsegule boneti nadikire theka la ola. Poima pali ponse ndi bwino kufuna mthunzi. Kukankha kuthandiza galimoto ya magiya a dzanja yokha. Magalimoto ambiri ogulidwa ku Japan asintha magiya okha, ndipo amenewa salira ndi kukankha ngakhale atasonkhana amuna khumi.

Alimi operekera ndiwo ku mahotela a kufupi ndi mathithi asamale koposa. Mseu womwewu upitirira makilomita pafupi fupi 10 kukafika pa mlatho umene unamangidwa m'caka ca 1905, ndipo udutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Mosi-oa-Tunya, m'mene njobvu zioloka mseu, makamaka m'nyengo ya cilimwe. Amenewo si malo okhalapo ndi galimoto yokana kulira.

Nthawi yabwino yokonza zonsezi ndiyo miyezi yozizira ya June ndi July, dzuwa lisanakule. Mtengo wa kalata kamodzi ndi mabauti awiri sufika pa mtengo wa matimati a ulendo umodzi. Mlimi wosadziwa pamene pali sitata ya galimoto yace afunse makanika amsonyeze. Akuru anati safunsa anadya phula.