KODI NYUMBA IPENYE KUTI?

Nkhani imene inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Kukolola kukatha, ndipo fodya, thonje, nshawa ndi soya zitapita kumsika, m'midzi ya ku Chiparamba mumayamba kufuka utsi wa mauvuni a njerwa. Ngolo za ng'ombe zimatuta mcenga kumtsinje, ndipo magalimoto ocokera ku Chipata amafika atasenza malata ndi simenti. Iyi ndiyo nyengo imene mlimi amaonetsa cimene anakhetsera thukuta. Ena asunga ndalama zaka zitatu, ena zisanu, kuti naonso agone m'nyumba ya njerwa zoocha.

Munthu wotere amawerenga zonse mosamala. Adziwa njerwa zimene zifunika, adziwa mtengo wa lata limodzi, ndipo amatha tsiku lathunthu alikutsutsana ndi mmisiri za malipiro. Koma pofika m'mawa wokhoma zikhomo ndi kukoka cingwe ca maziko, nkhani yaikuru koposa imatha ndi mau owerengeka. Mmisiri afunsa kuti, "Bambo, nyumbayi ipenye kuti?" Mwini wace ayankha kuti, "Kumseu." Pomwepo khasu liyamba kukumba.

Yankho limeneli lingakhale labwino, lingakhalenso loipa, cifukwa mseu sudziwa kumene dzuwa lidzera. Citseko coipa amacicotsa, denga lodontha amalikonza, koma nyumba yopenya kolakwika siitembenuzika. Mwini wace adzapirira nayo kufikira ukalamba, ndi ana ace pambuyo pace. Akuru anati, m'mera mpoyamba.

Nyumba za makolo ndi za makono

Makolo sanabvutike kwambiri ndi funso ili. Nyumba yao inali yozungulira, ya mitengo ndi dothi, yopanda mazenera. Denga lace la udzu linali lotsika ndithu, ndipo zambiri zinali ndi khonde kuzungulira ponse. Dzuwa lidzere uku kapena uko, khoma linali mumthunzi. Cimene iwo anaganizira ndi khomo lokha, kuti lipenye pabwalo, kapena kukhola la ng'ombe monga m'midzi ya Angoni, ndiponso kuti lifulatire mphepo.

Nyumba ya makono njosiyana. Iri ndi makoma awiri atali ndi awiri afupi, mazenera a galasi, ndi denga la malata limene kawirikawiri lingopitirira khoma pang'ono, pakuti mwini wace aopa kugula malata ena. Galasi limalowetsa kutentha koma silikuturutsa msanga, ndipo njerwa imamwa dzuwa usana ndi kulibweza usiku. Motero nyumba yotere iri ndi mbali yabwino ndi mbali yoipa, ndipo womanga ayenera kuzidziwa asanayambe.

Njira ya dzuwa

Aliyense adziwa kuti dzuwa limaturuka kum'mawa ndi kulowa kumadzulo, koma si onse anapenyetsetsa kuti silidzera njira imodzi caka conse. Chipata ndi midzi yozungulira ziri madigiri 13 ndi theka kumwera kwa Ikweta, ndiwo mzere umene ugawa dziko lapansi pakati. Cifukwa ca ici, kwa miyezi yoposa 8 pa caka, kuyambira pakati pa February kufikira kumapeto kwa October, dzuwa la masana limakhala ca kumpoto.

Mwezi wa June ndipo limapendekeka koposa. Munthu akaimika ndodo ya mita 1 masana enieni pa 21 June, mthunzi wace udzagwera kumwera, kutalika kwace masentimita 75. Kumapeto kwa October dzuwa limaima pamutu penipeni, ndodo ija nisowa mthunzi. Pamenepo limapitirira kumwera, koma pang'ono pokha, pakuti pa 21 December mthunzi wa ndodo yomweyo ugwera kumpoto masentimita 17 okha. Pakati pa February libwereranso pamutu, niliyambanso ulendo wace wa kumpoto.

Apa ndipo pagona nzeru yonse. Khoma la kumpoto limalandira dzuwa pa nyengo ya cisanu, pamene anthu alifuna, ndipo limalisowa pa nyengo yotentha, pamene anthu alithawa. Denga likapitirira khomalo ndi masentimita 60, masana a June mthunzi wace umangotsika masentimita 80, kotero kuti dzuwa limalowa pazenera ndi kufunditsa cipinda. Koma pofika kumapeto kwa September, kutentha kutayamba, mthunzi wa denga lomwelo umatsika pafupifupi mamita 2 ndi theka, ndiko kuphimba khoma ngati lonse. Denga limacita nchito imeneyi lokha caka ndi caka, osafuna magetsi kapena malipiro.

Khoma la kumadzulo

Khoma la kumadzulo liribe mwai wotere. Mwezi wa October, umene kutentha kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri, ca m'ma 4 koloko madzulo dzuwa limakhala litatsika, ndipo limalasa khomalo cam'mbali. Denga lija la masentimita 60 limangochinga pafupifupi masentimita 30 a pamwamba. Kwina konse kuli padzuwa. Nthawi yomweyo mpweya wa kunja uli wotentha kale, malata atentha kale, ndipo njerwa zimangomwa moto kufikira dzuwa litalowa. Usiku zimaubweza m'cipinda.

Pakhale anthu awiri omanga nyumba zofanana, wina tsidya lino la mseu woloza kumpoto, wina pa kanjira koloza kum'mawa. Woyambayo, potsata mseu, aika khoma lalitali ndi mazenera akuru a zipinda zogona kumadzulo. Mu October banja lace lisowa tulo. Ana alira, akuru aturutsa mphasa kukagona pakhonde, kumene kulibe neti, ndipo udzudzu uwapeza komweko. Waciwiriyo, mwina mwangozi cabe, aika makoma atali kumpoto ndi kumwera. Njerwa zao nzofanana, malata ao ngofanana, ndalama anaononga zofanana. Koma wina agona, wina acezera.

Cifukwa cace lamulo loyamba ndi ili: utali wa nyumba uyende kucokera kum'mawa kunka kumadzulo, kuti makoma afupi ndiwo akomane ndi dzuwa loturuka ndi lolowa. Kumadzulo kukhale zipinda zimene anthu sakhalitsamo, monga cosambiramo ndi cosungiramo katundu, ndipo mazenera ace akhale ang'ono. Kum'mawa sikuopsya kwambiri, pakuti dzuwa la m'mawa limapeza nyumba itazizira usiku wonse, ndipo pa cisanu limakondweretsa. Cipinda cocezera ndi zipinda za okalamba ndi makanda zipenye kumpoto.

Nkhani ya cisanu isapeputsidwe. Mu June ndi July usiku kumazizira kufikira madigiri 12 kapena kucepera apo, ndipo cipinda ca kumwera siciona dzuwa konse miyezi imeneyo. M'cipinda cotere ndimo anthu amalowetsa mbaula ya makala ndi kutseka citseko ndi mazenera. Mpweya wa makala oyaka suoneka ndipo sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo. Cipinda cimene caothera dzuwa usana sicifuna mbaula kawirikawiri. Ndipo ngakhale kuzizire cotani, mbaula isagone m'nyumba yotseka.

Mphepo ndi mvula

Dzuwa likadziwika, womanga aganizire mphepo. Pa miyezi yopanda mvula imaomba kwambiri kucokera pakati pa kum'mawa ndi kumwera, ndiyo mphepo ya mwera. Mu June ndi July njozizira, mu August ndi September njamphamvu ndipo imanyamula fumbi ndi phulusa la lupsya. Khomo lalikuru likapenya komweko, mai wa panyumba adzatopa ndi tsace. Koma mphepo yomweyo ndiyo iziziritsa nyumba kukatentha, motero siyenera kutsekeredwa kunja kotheratu. Cipinda cikhale ndi zenera mbali ziwiri, kuti mpweya ulowe uku ndi kuturukira uko. Ndipo mazenerawo, pamodzi ndi mipata ya pakati pa khoma ndi denga, aikidwe sefa wochinga udzudzu.

Mphepo imanenanso kumene kukhale khichini la nkhuni, cimbudzi, dzala ndi khola. Izi zikhale kumene mphepo ipita, ndiko ca kumadzulo kapena pakati pa kumadzulo ndi kumpoto, kuti utsi ndi fungo zicoke panyumba. Cimbudzi cikhalenso kumunsi kwa citsime, patali mamita 30 kapena kuposa.

Mvula ya dzinja, imene imagwa kuyambira November kufikira April, kawirikawiri imadza ndi mphepo ya ca kumpoto, koma mapiri ndi madambo amaipatutsa, ndipo mudzi uliwonse uli ndi mbali yace. Apa buku silithandiza ngati maso. Womanga ayende m'mudzi, apenye nyumba zakale, aone khoma limene dothi lace lakokoloka ndi limene lada ndi ndere. Afunsenso okalamba kumene mkuntho wosasula madenga umacokera. Safunsa anadya phula. Mbali imeneyo ifuna denga lopitirira bwino, pulasitala wolimba, ndi mitanda yomangidwa kukhoma ndi waya.

Wogula nyumba yomangidwa kale

Si onse amamanga. Ana ambiri a ku Chiparamba ali pa nchito m'tauni, ndipo Chipata, umene kale unachedwa Fort Jameson, wakula kwambiri, kotero kuti m'caka ca 2017 unalandira ulemu wa kukhala mzinda. Ku Kapata, ku Kalongwezi ndi kwina anthu amagula kapena kucita lendi nyumba zimene anamanga ndi ena, ndipo zina ndi mafulati ogundana khoma. Ku Lusaka kuli mafulati osanjikizana, monga a ku Kabwata, ndipo lamulo la m'caka ca 1994 limalola munthu kukhala mwini wa fulati limodzi m'nyumba yaikuru ya anthu ambiri.

Wogula fulati sangasunthe khoma kapena kuboola zenera monga afunira, cifukwa makoma ndi denga nza onse. Mphamvu yace yonse iri pa kusankha. Mwa mafulati a mzere umodzi, la kumapeto kwa kumadzulo ndilo limamwa dzuwa la madzulo m'malo mwa anzace onse, ndipo la pamwamba, pansi pa denga, limatentha koposa a pansi. La pakati limatetezedwa ndi anansi, koma liri ndi makoma a kunja awiri okha. Wogula aonetsetse kuti onse awiri ali ndi mazenera otseguka, pakuti popanda ici mpweya sudzayenda.

Wogulitsa amakonda kuonetsa nyumba m'mawa, pamene iriyonse njozizira. Wogula wanzeru abwerenso ca m'ma 3 kapena 4 koloko madzulo, aike dzanja pa khoma la cipinda cogona, amve lokha. Apenye pansi pa mazenera ngati pali zipsyera za madzi. Apenyenso phiri, pakuti Chipata ngwozingidwa ndi mapiri monga la Kanjala: phiri la kumadzulo kwa nyumba limapatsa mthunzi msanga madzulo, koma la kum'mawa limacedwetsa dzuwa la m'mawa pa cisanu. Potsiriza aceze ndi anansi, amene anagona kale mu October pamalopo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mapulani a kutali

Masiku ano anthu ambiri amatenga mapulani a nyumba pa intaneti, ndipo apa pali msampha. Ku London ndi maiko ena a kumpoto dzuwa la masana limakhala kumwera, motero mapulani ao amatamanda nyumba yopenya kumwera, ndipo amaika magalasi akuru kuti akole dzuwa locepa la kwao. Kuno zinthu nzotembenuka. Ku Johannesburg, kumene kuli kumwera kwa Ikweta monga Chipata, ogulitsa nyumba amanyadira yopenya kumpoto. Pulani yabwino ya kwina ingasanduke ng'anjo ikaikidwa pa nthaka ino mosaganizira.

Palinso cina catsopano. Cilala ca m'caka ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ocuruka anathamangira magetsi a dzuwa. Sola imagwira bwino nchito ikapenya kumpoto, yopendekeka madigiri ngati 15. Nyumba imene utali wace uyenda kucokera kum'mawa kunka kumadzulo imakhala kale ndi mbali imodzi ya denga yopenya kumeneko, ndipo mwini wace safunanso kuumba citsulo capadera.

Kupeza mpoto

Kupeza mpoto sikufuna sukulu. Wokhala ndi foni ya kampasi aigwiritse nchito. Wopanda foni aimike ndodo yoongoka pamalo osalala, aike kamwala pansonga pa mthunzi m'mawa, ayese utali wa mthunziwo ndi cingwe. Madzulo, mthunzi ukafikanso pa utali womwewo, aike kamwala kena. Mzere wolumikiza timiyala tiwirito uloza kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo makoma atali atsate mzere umenewo. Kuphonya pang'ono sikuononga kanthu.

Nanga mseu? Sitolo iyenera kupenya kumene kudzera ogula, ndipo pa puloti ya Kanselo pali malire amene pulani iyenera kutsata isanabvomerezedwe. Koma khomo ndi mazenera ndi nkhani ziwiri. Cipata ca mpanda ndi khomo la alendo zingathe kupenya kumseu, pamene mazenera akuru apenya kumpoto. Ngati puloti ikakamiza khoma lalitali kupenya kumadzulo, mwini wace amange khonde lalikuru mbali imeneyo, aike siling'i pansi pa malata, abzalenso mango patali pang'ono ndi maziko, kuti mizu isang'ambe khoma. Kumidzi, kumene malo apereka ndi amfumu ndipo ngotakata, cobvuta cotere sicioneka kawirikawiri.

Caka cino mauvuni adzafukanso ku Chiparamba, ndipo amisiri adzafunsanso funso lao lija. Mwini nyumba asafulumire kuyankha. Atenge tsiku limodzi, ndodo imodzi ndi timiyala tiwiri, aime pa malo ace kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo atatero auze mmisiri pokhoma cikhomo coyamba.