LAISENSI YOPHUNZIRIRA SI YOGWIRIRA NCHITO

Mau kwa makolo a kumidzi amene ana ao akufuna kuyendetsa galimoto mu Lusaka



Ndi midzi yowerengeka ku Petauke, ku Katete, ku Chadiza kapena ku Lundazi imene ilibe mwana wake mu Lusaka. Ambiri mwa anyamata amenewa amafikira kwa acibale m'makomboni a Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndipo nchito imene imawaonekera msanga ndiyo ya pa mabasi ang'onoang'ono. Amayamba ndi kuitanira anthu pa City Market kapena pa Kulima Tower, pambuyo pake amalowa ukondakitala, koma maso ao amakhala pa mpando wa dalaivala. Tsiku lina uthenga umafika kumudzi wakuti makolo atumize ndalama za laisensi. Pamenepo kholo limagulitsa matumba a cimanga kapena a nsawa, nthawi zina ng'ombe imene. Ndalama zotere ndi za thukuta, motero n'koyenera kuti kholo lidziwe cimene likulipirira.

Kale anthu a mu Lusaka anali kudalira mabasi a boma a United Bus Company of Zambia. Kampani imeneyo itatsekedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, nchito yonyamula anthu inatsala m'manja mwa eni mabasi ang'onoang'ono, ndipo ofuna udalaivala anaculuka. M'caka ca 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la pamseu, Road Traffic Act nambala 11, limene linabala bungwe la Road Transport and Safety Agency, lodziwika ndi dzina lakuti RTSA. Bungwe limeneli ndilo lili ndi mphamvu yoyesa madalaivala ndi kupereka malaisensi m'dziko la Zambia. Sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto imaphunzitsa cabe, siipereka laisensi. Mwini basi nayenso alibe mphamvu imeneyo.

Njira yake ili ndi makwerero, ndipo palibe khwerero loyenera kulumphidwa. Coyamba, wofuna kuphunzira akhale ndi citupa cake ca NRC. Caciwiri, apite kwa dokotala akampime ngati maso ake akuona bwino, ngati makutu akumva, ndiponso ngati alibe nthenda yonga khunyu imene ingamgwetse ali pa ciongolero. Dokotala amalemba kalata ya umboni. Cacitatu, apite yekha ku ofesi ya RTSA ndi mapepala amenewa, alipire ndalama zoikidwa ndi boma, alandire lisiti, ndipo ayesedwe pa malamulo ndi zizindikiro za pamseu zimene zili m'buku la Highway Code. Akapambana mayeso amenewo ndi pamene amapatsidwa laisensi yophunzirira, imene pa Cingerezi amati provisional. Imeneyi imagwira nchito miyezi itatu. Nthawiyo ikatha munthu asanakonzeke, ayenera kukatenganso ina.

Apa ndi pamene anyamata ambiri amasocera. Akagwira pepala limeneli m'manja amayesa kuti udalaivala wafika, ndipo amatumiza mau kumudzi kuti zonse zatheka. Zoona zake n'zakuti laisensi yophunzirira ndi cilolezo cakuti munthu aphunzire pa mseu wa anthu onse moyang'aniridwa. Nthawi iliyonse pamene ali pa ciongolero, pambali pake payenera kukhala munthu amene ali ndi laisensi yeniyeni ya mtundu wa galimotoyo. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuyenera kuoneka cilembo cofiira ca L, kuti ena onse pamseu adziwe kuti uyu ndi wophunzira, amleze mtima ndi kumpatsa danga. Wophunzira saloledwa kunyamula anthu olipira. Kondakitala amene amalandira ciongolero madzulo kuti amalize ulendo wa ku Mtendere pamene dalaivala wapita kukapuma, akulakwira lamulo, ngakhale pepala lophunzirira lili m'thumba mwake. Mwini galimoto amene amalola munthu wopanda laisensi kuyendetsa nayenso ali ndi mlandu.

Malamulo amenewa sanaikidwe kuti asautse mwana wa mlimi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalengeza m'caka ca 2023 kuti ngozi za pamseu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni caka ciliconse, ndiponso kuti palibe cina cimene cimapha ana ndi acinyamata a zaka 5 kufikira 29 koposa ngozi zimenezi. Muno m'Zambia apolisi anawerengera imfa zoposa 2,000 m'caka ca 2021, ndipo m'caka ca 2022 zinapitiriranso 2,000. Cigawo ca Lusaka ndico cimatsogola pa kuculuka kwa ngozi. Dziko silinaiwale tsiku la 7 February 2013, pamene basi ya Post Bus inaombana ndi lole ku Chibombo pa mseu wa Great North, anthu oposa 50 n'kutaya miyoyo m'kamphindi.

Munthu amene anazolowera miseu ya kumudzi aganizire za mseu wa Los Angeles wodutsa mu Kanyama, mseu wa Commonwealth ku Matero, kapena wa Alick Nkhata umene umapita ku Kalingalinga ndi Mtendere. M'mbali mwa miseu imeneyi muli amai ogulitsa tomato ndi makala, anyamata okankha mawilibala, a panjinga, ndi ana a sukulu odumpha mseu paliponse. M'dzinja madzi amadzaza mu Kanyama kotero kuti dzenje, ngalande ndi mseu zimaoneka cimodzimodzi. Pamalo otere dalaivala wozolowera amaona mwana asanathamange, phazi n'kufika kale pa buleki. Wophunzira amakhala akuganiza za magiya, maso ali pansi. Munthu wokhala pambali pake uja ndiye maso ake aciwiri kufikira ake atakhwima. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo miyezi yophunzirira ndiyo nthawi yodekhayo.

Pali bvuto lina limene makolo ayenera kulidziwa. Pafupi ndi maofesi kumapezeka anthu odzicha othandiza, olonjeza laisensi yopanda mayeso kwa amene walipira mwamseri. Ena amangodya ndalamazo osaonekanso. Ena amabweretsa khadi looneka ngati lenileni koma losalembedwa m'makompyuta a RTSA, ndipo cinyengoco cimaululika tsiku la ngozi kapena tsiku lofunsira nchito pa kampani. Lamulo loletsa ziphuphu la caka ca 2012 limapeza wolakwa wolandira ndi wopereka yemwe. Kuonjezera apo, kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira galimoto yoonongeka m'manja mwa munthu wopanda laisensi yoyenera, ngongole n'kugwera banja. Ndipo wopha munthu cifukwa coyendetsa moopsa amakaima m'khoti, kumene cilango cake cikhoza kukhala ndende. Ng'ombe inagulitsidwa kuti mwana apeze nchito, koma mapeto ake makolo amagulitsa yaciwiri kuti amtsatire ku mlandu.

Wophunzira akakonzeka amabwerera ku RTSA kukayesedwa pa galimoto yeniyeni: kunyamuka, kubwerera cam'mbuyo, kuimika bwino ndi kuyenda pakati pa magalimoto ena. Kulephera mayeso si manyazi, pakuti khomo lobwereza n'lotsegula. Wopambana amalandira laisensi imene imakonzedwanso pakapita zaka zisanu. Komabe laisensi ili ndi magulu. Ya galimoto yaing'ono, gulu B, siilola munthu kuyendetsa lole. Wofuna kunyamula anthu olipira pa basi kapena pa takisi afunikira cilolezo capadera ca PSV. Mnyamata wa zaka 20 amene walemba kalata yakuti mwezi wamawa ayamba kuyendetsa basi ya ku Chawama, makolo amfunsitse bwino.

Dalaivala watsopano asunge zinthu zinai. Liwiro: bungwe la za umoyo lija linapeza kuti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, kuopsa kwa imfa kumaposa kanai poyerekeza ndi yothamanga makilomita 50. Pafupi ndi masukulu ndi misika liwiro loyenera ndi makilomita 30. Lamba: womanga lamba amacepetsa kuopsa kwa imfa pafupifupi ndi theka. Foni: woyendetsa akulankhula pa foni ali pafupi ndi ngozi kanai kuposa amene waiika m'thumba. Mowa: kacasu ndi ciongolero siziyendera pamodzi, ngakhale ulendo ukhale wa pafupi.

Nkhani imeneyi siithera mu Lusaka. Njinga zamoto zaculuka ku Chipata, ku Katete ndi m'midzi yozungulira, ndipo zikunyamula odwala, amai apakati ndi matumba a feteleza. Njinga yamoto nayo imafuna laisensi ya gulu lake, ndipo woyendetsa pamodzi ndi wokwera ayenera kubvala cisoti colimba. Mafumu ndi anyakwawa ali ndi mau pa anyamata amenewa, pakuti amawadziwa maina ndi makolo ao.

Tsono kholo lisanatumize ndalama lifunse mafunso atatu. Kodi mwana wapimidwa kwa dokotala, ndipo adzapita yekha ku ofesi ya RTSA? Kodi sukulu imene akuphunzirako inalembedwa ndi RTSA, kapena amene adzakhala pambali pake ali ndi laisensi yeniyeni? Kodi lisiti la boma la ndalama iliyonse lidzaonetsedwa? Mwana woyenda m'njira yoongoka sadzabvutika kuyankha. Safunsa anadya phula.

Dziko likufuna madalaivala. Cimanga ca ku Petauke sicingafike ku Soweto Market popanda iwo, ndipo anchito a ku George sangafike m'tauni m'mamawa popanda iwo. Udalaivala ndi nchito ya ulemu imene yalera mabanja ambiri ndi kuphunzitsa ana. Koma munthu wokhala pa ciongolero wanyamula miyoyo ya eni, ya m'galimoto ndi ya m'mbali mwa mseu. Makolo athandize ana ao kulowa nchito imeneyi pa khomo la lamulo, ndipo mwana wa L apirire miyezi yake kufikira woyesa atanena kuti wakhoza.