Njinga pa Misewu ya Miyala m'Mapiri a Alps

(Mawu amene mmodzi mwa ophunzira akale adayankhula pa msonkhano wa bungwe lathu wa pachaka)



Komiti idandipempha kuti ndikambeko za maseŵero amene anthu a msinkhu wathu angathe kuchita. Ndasankha njinga yakapalasa, makamaka kupalasa pa misewu ya miyala ndi fumbi m'mapiri a Alps ku Ulaya. Ndikudziŵa kuti ena mukudabwa, poti ambiri a ife tidaisiya njinga tsiku lomwe tidalandira malipiro oyamba, n'kumaiyesa chizindikiro cha umphaŵi. Ndikupemphani kuti mundimvetsere kaye.

Masiku ano kuli mtundu wa njinga umene amautcha gravel. Poiona imafanana ndi njinga ya mpikisano ya handulo yokhota, koma matayala ake ndi otakata, nthaŵi zambiri mamilimita 38 mpaka 45, ndipo ali ndi mano ogwira bwino pa miyala. Mabuleki ake amagwira kambale kachitsulo kapakati pa gudumu, choncho matope ndi madzi sizimawafooketsa kwambiri. Magiya ake ndi opepuka kuti munthu athe kukwera chitunda ali chikhalire. Maseŵeroŵa adakula mpaka bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga la UCI lidachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse m'chaka cha 2022 m'chigawo cha Veneto ku Italy. Kwa abambo adapambana Gianni Vermeersch wa ku Belgium, kwa amayi Pauline Ferrand-Prévot wa ku France.

Tsono misewu ya miyala idafika bwanji pamwamba pa mapiri otero? Yambiri idamangidwa ndi asilikali. Malire a Italy ndi France amadutsa m'mapirimo, ndipo kwa zaka mazana angapo magulu a nkhondo ankamanga malinga pa nsonga za mapiri, monga linga lalikulu la Fenestrelle limene lidayamba kumangidwa mu 1728. Kuti mizinga ndi chakudya zifike kumeneko padafunika misewu yokhotakhota, yokwera pang'onopang'ono, kuti nyama zokoka katundu zisalephere. Nkhondo zidatha, malinga adasanduka mabwinja, koma misewu idatsala, ndipo ndi imene apanjinga akuithamangira lero.

Msewu wotchuka kwambiri ndi wa Colle delle Finestre, m'chigawo cha Piedmont, kuzambwe kwa mzinda wa Turin. Ndidauona ndi maso pamene ndidapita ku Turin kukachita maphunziro a ntchito, ndipo ndidaupalasako pa njinga yobwereka. Umayambira pafupi ndi tauni ya Susa, pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, n'kukathera pa mamita 2,178. Kutalika kwake ndi makilomita 18 ndi theka, ndipo pa mamita 100 aliwonse amene wayenda umakhala utakwera mamita 9. Makona ake ndi oposa 40. Makilomita 8 omalizira alibe phula. Amene mudakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, wa makona 20, mukhoza kuganizira chimene ndikunena, kungoti uwu umakwera pafupifupi kaŵiri.

Mpikisano waukulu wa ku Italy wa Giro d'Italia udadutsa msewuwu koyamba mu 2005. Mu 2018 Chris Froome, amene adabadwira ku Nairobi, adawasiya anzake pa miyala pomwepo, napalasa yekha makilomita 80, ndipo adatenga chikho cha chaka chimenecho. Tsiku lomwelo Simon Yates, amene ankatsogola, adatheratu mphamvu pa phiri limeneli nataya mphindi zoposa 38. Patapita zaka 7, mu 2025, Yates yemweyo adabwerera pa phiri lomwelo, nawasiya onse amene ankalimbirana naye, n'kupambana mpikisano wonse.

Ukatsika pang'ono kuseri kwa Finestre umapeza msewu wina wa asilikali, Strada dell'Assietta, wa makilomita oposa 30 wopita ku Sestriere. Umayenda pamsana pa phiri, pafupifupi wonse pamwamba pa mamita 2,000, ndipo kulibe mtengo wobisalapo.

Pano mpamene pali nkhani ya moyo ndi imfa. Choyamba ndi mpweya. Pa mamita 2,000 mpweya umakhala wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi wa kugombe, motero mtima umagunda msanga pa ntchito imene kunsi ikadakhala yopepuka. Wanzeru amayamba ndi giya yopepuka, napalasa mwa liŵiro loti angathe kuyankhula ndi mnzake. Paja akulu adati fulumira adadya gaga. Amamwanso madzi ndi kudya kanthu ola lililonse, osadikira ludzu kapena njala, chifukwa njala ya pa phiri ikakugwira miyendo imangoti zii.

Chachiŵiri ndi nyengo. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene wakwera. Munthu amanyamuka m'chigwa thukuta lili kamukamu, nakafika pamwamba zovala zili zonyowa, mphepo ikuwomba. Potsika sapalasa, choncho thupi limazizira, zala zimauma, ndipo zala zouma sizigwira mabuleki. Ndiye chifukwa chake jekete la mvula ndi magolovesi sizitsala, ngakhale kuthambo kuli mbee. M'miyezi yotentha mvula ya mphezi imakonda kubwera masana, kotero ozoloŵera amalaŵira m'mamaŵa kuti dzuŵa likamapendeka akhale atatsika. Misewuyi imatsekedwa ndi chipale chofeŵa miyezi yambiri ya chaka, ndipo nthaŵi yabwino ndi kuyambira cha mu June mpaka September.

Chachitatu ndi mtsetse, ndipo ndi umene umavulaza ambiri. Tayala lopopedwa kwambiri limadumphadumpha pa miyala, pomwe lofeŵa pang'ono limaikumbatira. Liŵiro ulichepetse usanaloŵe pa kona, chifukwa ukafinya buleki ya kutsogolo uli kale pa kona, gudumu limaterereka. Usagwiritse mabuleki mtunda wonse, poti amatentha n'kufooka; finya, tayirira, finyanso. Chisoti chikhale pamutu, pampu, chubu ndi zigamba zikhale m'chikwama, ndipo wina adziŵe njira imene wadzera ndi nthaŵi yobwerera. Nambala yoitanira chithandizo ku Ulaya ndi 112, koma m'makwaŵa ena foni sigwira.

Bambo Wapampando, ndakamba zonsezi chifukwa chiyani? Chaka chilichonse pa msonkhano uno timaimirira kukumbukira anzathu amene adatisiya, ndipo enafe tikumwa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Timakhala pa mpando mu ofesi, pa mpando m'galimoto, pa mpando kunyumba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita maseŵero olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Njinga imakwaniritsa zimenezi popanda kupweteka mawondo monga kumachitira kuthamanga. Pa Finestre ndidakumana ndi azibambo ndi azimayi a imvi amene adandipitirira akucheza, ndipo adali atayenda ulendo wautali kudzafuna msewu wopanda phula. Ifetu misewu yotere tili nayo pakhomo, pa phiri la Zomba, ku Nyika ndi m'minda ya tiyi m'tsinde mwa Mulanje.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti msonkhano wa chaka chamaŵa usanafike tikonze ulendo umodzi wa panjinga, wa makilomita 20 okha, pa msewu wa fumbi. Amene muli ndi vuto la mtima kapena la kuthamanga kwa magazi muyambe mwaonana ndi dokotala. Enanu katsitseni njinga imene ili kudenga, muithire mafuta, muone mabuleki. Pepala lolembapo maina lili pa tebulo la mlembi.