CHAMBA M'ZITUMBUWA: KODI LAMULO LIKUTI CHIYANI?

  

Lero tikambirane za chamba. Sindikunena chosuta chokha ayi. Pali anthu ena amene amathira chamba m'zakudya. Amachisinja, nachisakaniza ndi ufa wa zitumbuwa, zigumu kapena makeke. Ena amachiŵiritsa mu tiyi. Kenaka amagulitsa mobisa.

Ambiri a inu mumachita geni pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo kapena pa boma la Ntchisi. Tsiku lina munthu angadze kwa inu nati, "Mayi, thiraniko aka m'zitumbuwa, mupeza ndalama zambiri. Paja boma lidaloleza chamba." Ameneyotu akukunamizani.

Nkhani yake iri chonchi. Mu 2015 phungu wa Ntchisi North pa nthaŵi imeneyo, Bambo Boniface Kadzamira, adapempha Nyumba ya Malamulo kuti ilole kulima mtundu wina wa chamba umene suledzeretsa. Mbewu imeneyi adayamba ayiyesa ku Chitedze. Mu February 2020 aphungu adavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act.

Lamuloli lidalola chamba pa ntchito zitatu: kupanga mankhwala a kuchipatala, kupanga zinthu monga nsalu, zingwe ndi mafuta, ndiponso kafukufuku. Silidalole kusuta kapena kudya chamba kuti munthu aledzere. Ayi ndithu.

Lamuloli lidakhazikitsanso bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Wofuna kulima, kukonza kapena kugulitsa chamba ayenera kutenga chilolezo kumeneko. Tikiti ya pamsika ija si chilolezo ayi.

Nanga chilango chake nchotani? Lamulo la 2020 lidati wolima, wokonza kapena wogulitsa chamba popanda chilolezo angalipe mpaka K50 miliyoni, ndi kukhala m'ndende mpaka zaka 25. Ichi ndicho chilango chachikulu. Khoti ndilo limaona kukula kwa mlandu. Tangoganizani. Zaka 25! Mwana amene ali kumsanayo mudzampeza ali ndi banja lake. Nanga munda adzalima ndani?

Palinso lamulo lakale la Dangerous Drugs Act. Lamulo limeneli limaletsa ngakhale kungopezeka ndi chamba. Tsono kunena kuti, "Ine ndimangosungira mnzanga," sikungakupulumutseni msanga.

Kodi chamba cha m'chakudya chikuopsa bwanji? Munthu akasuta, chimamgwira nthaŵi yomweyo. Koma akadya, chimayamba chadutsa m'mimba. Pangapite theka la ola, mwina maola aŵiri, asanamve kanthu. Iye amati sichikugwira, ndiye amadya china. Pambuyo pake chimamgwira chonse pamodzi, ndipo chimakhalitsa m'thupi maola ambiri. Mtima umathamanga, mutu umasokonezeka, munthu amachita mantha.

Tsono chitumbuwa cha chamba sichisiyana ndi chinzake pa maonekedwe. Mwana wa sukulu sangachizindikire. Thupi la mwana ndi laling'ono. Akadya amafooka, amagona tulo tosadzuka msanga, ndipo ena amavutika kupuma.

Nanga ife tichite chiyani?

Choyamba, tisalole munthu kuthira chinthu chosadziŵika m'malonda athu.

Chachiŵiri, tisanyamule kapena kusunga phukusi limene sitidziŵa za m'kati mwake.

Chachitatu, mwana akadya chinthu nayamba kusokonezeka, tithamange naye kuchipatala. Titenge chotsala cha chakudyacho. Tinene zoona kwa adokotala.

Chachinayi, wofuna kulima chamba chololedwa ayambe wafunsa kwa alangizi a zaulimi. Paja safunsa adadya phula.

Tsopano mukudziŵa kuŵerenga. Munthu akati ali ndi chilolezo, muuzeni akuonetseni pepala lake, muŵerenge nokha. Mukafika kumudzi, kauzeni anzanu amene sadabwere. Wakutsina khutu ndi mnansi.



MAFUNSO
1. Lamulo la 2020 lidalola chamba pa ntchito ziti?
2. Chilolezo amatenga kuti?
3. Chifukwa ninji chamba chodya chimaopsa kwa ana?