Wogula Amakumana ndi Wantchito Wanu

A Gulupu, mafumu ndi nduna zanu, amayi ndi abambo a kuno ku Midzemba, ndipempha chilolezo chanu kuti lero ndiike pambali za mizere ndi manyowa, ndilankhuleko za malonda. Pakuti chiyambire chaka cha 2003, pamene Neno anapatukana ndi Mwanza nakhala boma palokha, taona ambiri akutsegula zigayo ndi magolosale ndi ndalama za kubanki mkhonde, koma si onse amene afika nazo patali.

Mwini chigayo, ngakhale akhale munthu waulemu wotani, sakhala pachigayo tsiku lonse. Amene amalandira mayi wosenza dengu la mphale, namuyezera, namuthirira, namubwezera chenje, ndiye mnyamata uja wotuwa ndi ufa kuyambira kumutu kufikira kumapazi. Tsono mnyamatayo akakhala kuti mwezi watha osaona malipiro ake, ndipo kunyumba ana ake agona ndi njala pamene iye wagayira mudzi wonse, musadabwe pomuona akukalipira amayi pamzere, akusiya dala ufa m'makina kuti adzakokolole madzulo, kapena akuthira mgaiwa wa wina pa ufa woyera wa mnzake. Mayi wochitiridwa zotere sapita kwa mfumu kukadandaula, iyayi. Amangosenza dengu lake tsiku lina kulowera kuchigayo chakutali, ndipo pofika pamjigo amakhala atauza kale anzake onse.

Chimodzimodzinso ndi aganyu. Mukapangana ndi munthu mtengo wopalira munda kapena womenya nandolo, mpatseni chake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga chilamulo cha Mose chinalamulira kalekale, ndiponso lamulo la ntchito la dziko lino, la m'chaka cha 2000, limateteza malipiro a wantchito. Makolo anati kupatsa n'kuika: amene munamlipira bwino ndiye adzayamba kufika pakhomo panu mvula ikagwa, nthawi imene aliyense asowa manja, ndipo adzapeta nandolo wanu mosamala, osasiyamo miyala ndi makoko zimene zimagwetsa mtengo pasikelo.

Za wogula ndinene pang'ono, popeza ena a inu mumagulitsa pa Zalewa, pamene msewu wochokera ku Mwanza ndi ku Tete ukumana ndi wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe. Pali ena amene amati wapaulendo n'ngodutsa, ndiye amaika tomato wakupsa bwino pamwamba pa mulu, wovunda pansi. Ine ndikuti nzeru imeneyo n'njoperewera, chifukwa madalaivala ndi makondakitala amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo iwowo ndiwo amalozera okwera kwa mayi wamulu wolungama, naimitsa galimoto patsogolo pake penipeni. Muyeso wonyenga Malembo amaudzudzula, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo. Koma asanafike iwo, wogula amakhala atakuweruzani kale.

Tikadzakumananso pansi pa mtengo uno, a Gulupu akalola, aliyense amene ali ndi sikelo abwere nayo, ndipo ine ndidzatenga paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, yosatsegula, kuti tidzayese masikelo onse pamaso pa mudzi.