BUKU LOPANDA PEPALA: KODI LIDZAFIKA KWA KAPHUKA?

Madzulo ano ndifuna ticheze za msonkhano wina umene udachitikira kutali, koma zokambidwa zake zikukhudza aliyense woŵerenga Chicheŵa. Ine kwathu ndi kwa Kaphuka, m'boma la Dedza, ndipo mundilole kuti nkhaniyi ndiyiyeze ndi muyeso wa kumudzi kwathu.

M'mwezi wa June chaka cha 2019, ofalitsa mabuku a m'maiko ambiri adasonkhana masiku aŵiri mumzinda wa Nairobi ku Kenya. Woitanitsa adali bungwe la ofalitsa mabuku pa dziko lonse, la International Publishers Association, mogwirizana ndi bungwe la ofalitsa a ku Kenya komweko. Chaka cha 2018 adali atakumana ku Lagos, ku Nigeria. Pakati pa mitu ya ku Nairobi padali iŵiri imene ndifuna tiyisinkhesinkhe. Woyamba ndi wa mabuku oŵerengera pa makina. Wachiŵiri ndi wa zinenero za mu Afrika, pakuti chakacho a United Nations adachipatula kukhala chokumbukira zinenero za eni nthaka. Mwa olankhula padali malemu Ngũgĩ wa Thiong'o, mlembi uja adasiya kulemba nthano zake m'Chingerezi nayamba kuzilemba m'chinenero cha amayi ake, Chikikuyu.

Tisanapite patali, kodi buku lopanda pepalali nchiyani? Azungu amalitcha e-book. Ndi buku lenileni, la mitu ndi ndime zake, koma mawu ake amasungidwa m'kompyuta ndipo amaŵerengedwa pa foni ya m'manja kapena pa tabuleti. Chiyambi chake nchakale ndithu. Mu 1971 mnyamata wina wa ku America, Michael Hart, adayamba kutaipa zolembedwa zakale m'kompyuta kuti aliyense aziŵerenga ulere. Mu 2007 akatswiri adagwirizana za kakonzedwe kotchedwa EPUB, ndipo chaka chomwecho kampani ya Amazon idatulutsa kamakina koŵerengera kotchedwa Kindle.

Ambiri a ife tidazoloŵera kalata za PDF zimene timatumizirana pa WhatsApp. PDF ili ngati chithunzi cha tsamba: pa foni yaing'ono malembo amachepa ngati nyerere, munthu nkumakoka tsambalo uku ndi uku. EPUB ili ngati madzi, amene amatenga maonekedwe a mtsuko umene mwaathiramo. Mawu amadzikonza okha molingana ndi kukula kwa foni, ndipo agogo a maso ofooka akhoza kukulitsa malembo. Ngakhale munthu wosaona akhoza kumva bukulo, makina akuŵerenga mokweza, ngati adaphunzitsidwa chinenerocho.

Tsono tiyeni tibwerere kumudzi. Nthaŵi ina ndidapita pa sukulu ina ya kwathu kukafuna buku limene ndidaliŵerenga ndili mnyamata. Aphunzitsi adanditsegulira bokosi la m'ngodya. Tidapezamo dothi la chiswe, zikuto zingapo, ndi masamba omatana ndi chinyezi cha kuno kumapiri. Buku ndinkalifunalo lidalipo theka lokha. M'masitolo a m'tauni adandiuza kuti lidatha kale-kale, ndipo palibe adadziŵa ngati lidzasindikizidwanso. Ndidabwerera ndi chisoni, chifukwa buku likasoŵa sipamveka maliro. Limangochoka mwakachetechete, ndipo ana obadwa pambuyo sadziŵa nkomwe kuti adalandidwa kanthu.

Chuma chimene chili pangozi sichochepa ayi. Pafupi ndi kwathu pali Nkhoma, kumene makina osindikizira adatumikira Chicheŵa zaka zambiri. Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922. Mphunzitsi Samuel Josia Nthara adalemba Nthondo, buku limene lidatuluka mu 1933 litapata mphotho pa mpikisano wa zolembedwa m'zinenero za mu Afrika, ndipo pambuyo pake adalembanso Mbiri ya Acheŵa. Tili ndi Kukula ndi Mwambo ndiponso Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, Kokha Mcheperawakalulu la E. J. Chadza, ndi ena ambiri a alembi monga Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba. Ena mwa mabuku a mtundu umenewu amapezekabe chifukwa adasankhidwa kukhala a mayeso m'sukulu. Nanga amene sadasankhidwe?

Apa mpamene buku lopanda pepala lingatipulumutse. Wofalitsa sangasindikize mabuku zikwi zingapo pamene ofuna kugula ali mazana aŵiri okha, chifukwa pepala limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Koma buku la pa foni likakonzedwa kamodzi silitha m'sitolo, silidyedwa ndi chiswe, silifuna galimoto. Silidziŵanso malire a maiko. Ife a ku Dedza tili ndi abale kutsidya, ku Angónia m'chigawo cha Tete, olankhula monga ife. Ku Chipata aliko, ku Harare aliko, ndiponso ana athu ogwira ntchito ku Johannesburg. Onsewo ndi msika wa buku la Chicheŵa.

Mwina wina anena kuti anthu saŵerenga pa foni. Mu 2014 bungwe la UNESCO lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 4,000 m'maiko asanu ndi aŵiri, kuphatikizapo Zimbabwe. Lidapeza kuti anthu amaŵerengadi mabuku pa mafoni otsika mtengo, ndi kuti amayi akayamba kuŵerenga motero amatherapo nthaŵi yochuluka koposa abambo.

Komabe akulu adati walira mvula walira matope. Ntchito yosandutsa buku lakale kukhala la pa foni siyongodina batani, ndipo ndi imeneyi imene imatangwanitsa akatswiri pa misonkhano yotere.

Poyamba pafunika chilolezo. Lamulo la dziko lino loteteza zopekapeka, limene lidakonzedwanso mu 2016, limati buku ndi chuma cha mlembi, ndipo iye akamwalira chimatsalira oloŵa m'malo mwake kwa zaka zoikika. Bungwe la COSOMA lilipo kuyang'anira zimenezi. Kujambula buku la mwini ndi kuligaŵa pa WhatsApp kuli ngati kuthyola chimanga m'munda mwa mnzako nkumagaŵira anthu pamsewu. Odyawo adzakuyamika, koma mlimi uja chaka chamaŵa sadzalimanso.

Kachiŵiri, masamba amajambulidwa ndipo kompyuta imayesa kuzindikira malembo. Pa Chingerezi imachita bwino, koma pa Chicheŵa imapunthwa. Kakamba kaja ka pamwamba pa ŵ imakataya, mwina nkuikapo kabokosi. Kachizindikiro ka mu ng' nako kakagwa, ng'oma yoimba imasanduka ngoma ya kutchire. Nchifukwa chake pafunika munthu wodziŵa chinenero kuti aŵerenge mzere uliwonse, buku lakale lili pambali.

Kachitatu, pali nkhani ya kalembedwe. Mabuku otuluka Chichewa Board isanakhazikitse malamulo a kalembedwe m'zaka za m'ma 1970 amalemba c pamene ife tilemba ch, monga achitirabe anzathu a ku Zambia. Kodi mkonzi asinthe kuti ana asavutike, kapena asiye monga mlembi adalembera? Maganizo anga ndi akuti tisunge zonse ziŵiri, pakuti m'kompyuta malo sachepa. A Centre for Language Studies ku Zomba, amene adaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ndiwo oyenera kutiwongolera pamenepa.

Kachinayi, mlembi ndi mkonzi ayenera kudya thukuta lawo. Masitolo akulu-akulu a mabuku a pa intaneti amafuna khadi la kubanki, limene mlimi wa mbatata wa ku Linthipe alibe. Iye ali ndi Airtel Money kapena Mpamba. Buku la Chicheŵa lidzagulidwa likakhala lopepuka kuti lisamalize bandulo, la mtengo wofikirika, ndi lolipiridwa pa foni pomwepo.

Za magetsi sindingazibise. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malaŵi, pafupi-fupi 11 zokha ndizo zimaunikira magetsi. Koma tikuwona tokha timasola pa madenga a udzu, ndi mafoni akutchajidwa pa msika. Ndiponso mu 2023 Unduna wa Maphunziro udayamba ntchito yotchedwa BEFIT, yopereka matabuleti otchajidwa ndi dzuŵa m'sukulu za pulaimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aphunzirirepo kuŵerenga ndi masamu. Funso langa nali: mwana ameneyu akadziŵa kuŵerenga Chicheŵa pa galasi, adzapezapo chiyani choti aŵerenge akakula? Tikapanda kumkonzera, adzangopeza za eni, ndipo adzaganiza kuti chinenero cha amayi ake chimathera Sitandade 4.

Tisayembekezere kuti a ku Nairobi kapena a ku Frankfurt adzatichitira ntchitoyi. Iwo sadziŵa Nthondo. Mutu umodzi susenza denga: ofalitsa athu, bungwe la alembi la MAWU, a National Library Service, aphunzitsi opuma amene Chicheŵa chili m'magazi, ndi achinyamata odziŵa kompyuta, ayenera kukhala pansi pamodzi, kulemba mndandanda wa mabuku osoŵa, ndi kuyamba ndi khumi okha. Inunso omvera muli ndi gaŵo lanu. Ngati m'sutikesi ya malemu bambo anu muli buku lakale la Chicheŵa, musakulungire fodya kapena kuyatsira moto. Mwina ndilo lokhalo latsala.

Pomaliza, kwezani maso ku mapiri a Chongoni. M'mapanga a m'menemo, monga la Chentcherere, muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Acheŵa. Malo ake ndi 127, ndipo mu 2006 a UNESCO adaŵaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Anthu aja adalibe pepala, koma adafuna malo osafikako mvula nasiyapo uthenga wawo. Ife tapatsidwa phanga la mtundu wina, lokwana m'thumba la malaya. Adzukulu athu akadzaloŵamo, kodi adzapezamo mawu athu?