Kuyesa Chitsulo Chisanathiridwe m'Chikombole

Phunziro lathu la sayansi lero likuyankha funso limene limasautsa mmisiri aliyense wosungunula chitsulo: kodi angadziŵe bwanji mmene chitsulo chosungunuka chidzayendere m'chikombole iye asanachithiremo?

Tiyambe ndi mapoto a aluminiyamu amene amisiri a m'matauni amapanga kuchokera ku zitsulo zotha ntchito. Mmisiri amaumba chikombole cha mchenga, nasungunula aluminiyamu pa moto wotentha kuposa madigiri 660, kenaka nathira. Chitsulo chikauma msanga chisanafike ponseponse, poto amatuluka wobooka. Mpweya ukatsekeredwa m'kati, pamatsala timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo poto amadzayamba kudontha ali kale pamafuwa. Mmisiriyo sangathe kusuzumira m'chikombole pamene chitsulo chikuyenda. Amazindikira cholakwa ntchito itatha, makala atapsa kale.

M'mafakitale vuto ndi lomweli, koma kutaya kwake nkwakukulu. Makolo anu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inkalumikiza galimoto za Fiat, zimene ziwalo zake zinkachokera kunja. Ziwalo zambiri za galimoto zimapangidwa popopera aluminiyamu wosungunuka m'chikombole chachitsulo mwamphamvu kwambiri, kotero kuti chimadzaza sekondi imodzi isanakwane. Chikombole chotere nchokwera mtengo. Chikalakwika, ziwalo zikwizikwi zimatayidwa, ndipo chiwalo chokhala ndi bowo lobisika chingathe kuthyoka galimoto ili pamsewu. Nchifukwa chake akatswiri masiku ano amayamba ayesa ntchito yonse m'kompyuta.

Tsono kompyuta sidziŵa chitsulo, imangodziŵa manambala. Chotero chinthu chiyenera kugaŵidwa m'tizigawo ting'onoting'ono toti nkuŵerengera. Njira yodziŵika kwambiri ndiyo kuyala chithunzi cha ukonde pa chinthucho. Taganizirani za mlatho wodutsa Zambezi pafupi ndi mathithi, umene unatsirizidwa mu 1905. Amene anaumanga anaŵerengera pamanja. Katswiri wa lero akafuna kudziŵa mmene mlatho wotere umasenzera sitima, amaugaŵa m'kompyuta m'timabokosi tolumikizana monga maso a ukonde. Njirayi imagwira bwino chifukwa chitsulo cha mlatho chimangopindika pang'ono, ndipo kabokosi kalikonse kamakhalabe pafupi ndi anzake omwe aja.

Koma tayang'anani madzi a pa Mosi-oa-Tunya. Kumtunda amayenda pamodzi monga nsalu yoyalidwa. Akafika paphompho, limene m'lifupi mwake ndi mamita pafupifupi 1,700, amagwa mamita oposa 100 pamalo ozama, nagaŵanika kukhala mitsitsi, madontho ndi nkhungu. Madontho amene anayandikana pamwamba amakagwera kutalikutali, ndipo ena amene sanaonanepo amakakumana pansi. Ukonde womangiriridwa ku madzi otere ungapotane ndi kung'ambika, masamu nkusokonezeka. Chitsulo chosungunuka chikamaloŵa m'chikombole mwaliŵiro chimathovoka chimodzimodzi.

Yankho linachokera kwa akatswiri a nyenyezi. Mu 1977 Leon Lucy, ndiponso Robert Gingold ndi Joseph Monaghan, anafalitsa njira yoŵerengera kayendedwe ka mpweya wa m'nyenyezi popanda ukonde. Pa Chingerezi imatchedwa smoothed particle hydrodynamics. Mu 1994 Monaghan anaonetsa kuti ingagwirenso ntchito pa madzi ochita mafunde ndi othovoka.

Nzeru yake njosavuta kumva. Madzi kapena chitsulo zimayesedwa ngati khamu la tinjere. Kanjere kalikonse kamaimira kachigawo kochepa ka chitsulocho, ndipo kamanyamula kulemera kwake, liŵiro lake ndi kutentha kwake. Sikamangidwa kwa anzake. Kamangomva tinjere timene tili pafupi nako nthaŵi imeneyo, ndipo kapafupi kwambiri ndiko kamakakhudza koposa. Tinjere tikathithikana timakankhana. Kotentha kamapatsira kutentha kozizira. Tonse timakokedwa kupita pansi, ndipo palibe kamene kangaboole khoma la chikombole. Kompyuta imaŵerengera malamulo ameneŵa pa kanjere kalikonse, nikasuntha pang'ono, kenaka niyang'ananso anansi ake atsopano. Imabwereza chomwecho kambirimbiri mpaka chikombole chitadzaza.

Ana a giredi 6 ndi 7, tengani mapensulo. Tiyerekeze kuti tili ndi tinjere 1,000,000 ndipo kalikonse kali ndi anansi 50. Kuti tonse tisunthe kamodzi kokha pafunika masamu angati? Mukachulukitsa mupeza 50,000,000. Palibe samu yovuta pamenepo, koma kuchuluka kwake nkumene kumafuna makina.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi pambuyo pake, Paul Cleary ndi anzake a bungwe la kafukufuku la CSIRO ku Australia anagwiritsa ntchito njirayi poyesa kuthira ziwalo za galimoto. Pakompyuta ankaona malo amene chitsulo chimafika mochedwa ndi pamene mpweya ungatsekeredwe. Wopanga chikombole akaona zimenezi amasuntha khomo loloŵera chitsulo kapena kuwonjeza potulukira mpweya asanadule chitsulo chilichonse. Koma dziŵani ichi: akatswiriwo sanangokhulupirira kompyuta. Anayerekeza zotsatira zake ndi zithunzi za madzi enieni opoperedwa m'zikombole zoonekera m'kati. Munthu akaipatsa manambala olakwika, kompyuta imajambula chithunzi chokongola koma chabodza.

Njira ina yofanana nayo, imene Peter Cundall ndi Otto Strack anafotokoza mu 1979, imaŵerengera zinthu zouma monga miyala ndi mchenga. Imeneyi ikukhudza chuma cha Zambia. Kumigodi ya mkuwa monga Kansanshi ndi Lumwana, miyala imaperedwa m'zigayo zazikulu zonga migolo yozungulira, zimene zimadya magetsi ochuluka zedi. Opanga zigayo za mtundu umenewu amayesa m'kompyuta mmene miyala imagwera m'kati, kuti mphamvu ithere pophwanya miyala m'malo mogumula makoma a chigayo.

Aphunzitsi, ana angathe kudzionera okha zimenezi. Pezani botolo lapulasitiki loonekera m'kati, lotakata bwino. Thiranimo chimanga kapena timiyala kufikira gawo limodzi mwa magawo atatu, nimutseke. Ligonekeni cham'mbali ndi kulizunguza pang'onopang'ono: njere zidzangotsetsereka pansi. Wonjezani liŵiro: zidzakwera khoma ndi kugwera pa zinzake, ndipo kugwa kumeneko ndiko kumapera miyala kumgodi. Mukatha kulizunguza mwaliŵiro lalikulu, zidzamamatira kukhoma osagwanso, ndipo chigayo chotere sichipera kanthu. Musanayambe kuzunguza, mwana aliyense ajambule m'kope lake zimene akuganiza kuti zichitika, ndipo pambuyo pake ayerekeze ndi zimene waona. Pakutero adzakhala atachita zomwe akatswiri amachita: kulosera, kuyesa ndi kukonza maganizo.

Chenjezo kwa inu ana: musayese kusungunula chitsulo kunyumba, ndipo musayandikire pamene mmisiri akuthira. Chitsulo chosungunuka chikakhudza chinyontho chimaphulika ndi kuotcha koopsa.

Pomaliza, nali funso loti mukambirane m'kalasi. Ngati mutasakaniza mchenga ndi chimanga m'botolo lija ndi kuligwedeza, nchiyani chidzakhala pamwamba, ndipo chifukwa chake nchiyani? Lembani yankho lanu poyamba, kenaka muyese. Tsalani bwino.